Mkono Ukawongoka

Tsiku limene Kabatani anathyoka mkono ndinali nditagwada pansi, mapini ali kukamwa, ndikupinda diresi la mayi wina amene amalumbira chaka ndi chaka kuti thupi lachepa pamene tepi yanga ikunena zina. Foni inalira. Anali aphunzitsi. "Mayi, musadandaule, koma mubwere kusukulu kuno msanga." Abale, munthu akayamba ndi mawu akuti musadandaule, dziwani kuti zinthu zavuta kale. Ndinalavula mapini, n'kumusiya mayi uja ataima pakati pa shopu, diresi mbali ina lalitali mbali ina lalifupi.

Kabatani ndi mwana wa mng'ono wanga. Ndikunena chonchi kuti mumve nkhaniyi bwino, koma m'nyumba mwanga mawu amenewa sankamveka. Mng'ono wanga anandisiyira mwanayu akungoyamba kuima chogwirira mipando, amvekere, "Achemwali, ndikangopeza ntchito ndibwera kudzamutenga." Ntchito anaipeza, kutali, m'saluni yokonza tsitsi. Kubwera ndiye kunali kwa apo ndi apo, atanyamula nsapato zosamukwana mwana. Ine wanga sindinabereke, ndipo musandimvere chisoni, chifukwa ndinali ndi Kabatani. Ine ankanditchula amama. Mayi ake omubereka ankawatchula anti, ndipo si ine ndinamuphunzitsa zimenezo.

Dzinalo linabwera chonchi. Akukwawa, anameza batani la malaya a kasitomala. Tinalidikira mitima ili m'mwamba mpaka linatuluka, ine n'kulitsuka ndi sopo, n'kulisokerera pamalo pake. Mwini malayawo amawavalabe mpaka lero, ndipo amandipatsa moni mwaulemu kwambiri.

Mwana wokulira m'shopu ya telala amadziwa zambiri. Kabatani ankalowetsa ulusi m'singano maso anga akakana. Ankadziwa kuyeza nsalu kuchokera pamphuno mpaka kunsonga ya zala, monga ndimachitira ine tepi ikasowa. Ankalidziwanso bodza la ntchito yathu. Kasitomala akabwera chovala chake ndisanachigwire n'komwe, ndimati, "Mawa, mawa chikhala chitatha." Nthawi zina ndinkabisala kuseri kwa katani, iye n'kumamuuza munthu, nkhope ili gwa, kuti amama atuluka. Koma tinali ndi lamulo lathu awiri, lakuti mawa ndi la makasitomala, m'nyumba sitinamizana.

Kusukulu ndinamupeza atakhala pabenchi, atagwira mkono wamanja ndi dzanja lamanzere, osalira, milomo itachita mbuu. Anagwa pa katungwe. Chigongono chinali chitatupa, ndipo mkono unakhotera kumene mkono sukhotera. Atandiona m'pamene analira. "Amama, yunifolomu yang'ambika." Ndinati iwe, yunifolomu n'chiyani, kwathu kuli makina.

Kuchipatala anamujambula, adokotala n'kukweza chithunzi chija powala kuti ndione. Fupa linathyoka pamwamba penipeni pa chigongono, ndipo chidutswa china chinasuntha. Anati chikhakha chokha sichingathandize, pafunika opaleshoni, abwezeretse fupa pamalo pake n'kuligwiriza ndi timawaya. Nditamva zoti amugoneka ndi mankhwala, ndinachita mantha. Ndinaganiza kuti nanga akapanda kudzuka, mwini mwana ndikamuuza chiyani? Mantha amenewo ndi amene anandiimbitsa foni. Mng'ono wanga anakwera basi tsiku lomwelo.

Pomutengera kuchipinda cha opaleshoni anamuveka chovala chobiriwira chomanga kumbuyo, chachikulu moti chikanakwana ana awiri. Ali pa kabedi ka matayala anandikoka chala. "Amama, akandisoka ndi ulusi wamtundu wanji?" Ndinati wakuda, wolimba, uja wa yunifolomu. "Muwauze amange mfundo kawiri." Namwino anaseka, chitseko n'kutsekeka. Ndinatsala panja manja ali lende, ndipo munthu wozolowera singano manja akasowa chochita amapenga. Mayi wina amene ankadikira mwamuna wake pabenchi yomweyo anali ndi batani lolendewera pabulauzi. Ndinatulutsa singano m'chikwama n'kumusokera atavala chomwecho, osamufunsa n'komwe. Kupemphera ndinapemphera, koma mawu ake sindikuwakumbuka.

Mng'ono wanga anafika Kabatani atatuluka kale koma asanatsitsimuke, mkono uli m'chikhakha choyera kuchokera m'khwapa mpaka m'zala. Tinakhala uyu mbali iyi ya bedi, uyu mbali iyo. Anali atanenepa bwino, akununkhira mafuta odula, pachala pali mphete. Mwana atayamba kuphethira anaitana ndi mawu okoka, "Amama." Tonse awiri tinaimirira. Maso ake anadutsa mayi ake n'kudzaima pa ine. Kenako anatembenuka, "Aa, anti, mwabwera?" Mng'ono wanga anamwetulira, anati eya ndabwera, n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Ndinamumvera chisoni, koma ndisaname, pansi pa mtima ndinakondwa.

Mawa lake masana, mwana atamwa mankhwala opha ululu n'kutseka maso, mng'ono wanga anayamba kusalaza bulangeti ndi dzanja, pomwe panalibe makwinya. Ndinadziwa kuti pali mawu.

"Achemwali, zinthu zanga zakhazikika tsopano. Bambo amene ndakwatiwa nawo ndi munthu wabwino, ndipo nkhani ya mwanayu akuidziwa. Nyumba ili ndi chipinda chongokhala. Sukulu ili pafupi."

"Ndiye?"

"Panopa sindingamusunthe, madokotala ake ali kuno. Koma mkono ukawongoka ndidzabwera kudzamutenga."

"Iwe, ukuyesa ndi ketulo imene unasungitsa?" Ndinayankhula motsitsa chifukwa cha odwala ena. "Mano akumera unali kuti? Chikuku chija unali kuti?"

"Ndikudziwa, achemwali. Mwandichitira zazikulu."

"Sindinachitire iwe."

Mng'ono wanga ananyamuka titangotulutsidwa, atamusiyira mwana chidole cha tsitsi lalitali. Ine ndinadziuza kuti ndi zolankhula chabe, wakhala akunena zodzamutenga kuyambira kale.

Titafika kunyumba ndinatenga lezala n'kumasula msoko wa mkono wamanja pa madiresi ake onse, kuti chikhakha chizilowa. Nsalu yokolekera mkono imene anatipatsa kuchipatala inkamudula pakhosi, ndiye ndinasoka yanga, yachikasu, yokhala ndi thonje pakhosi ndi kathumba koikamo maswiti. Kusamba kunali nkhondo: pulasitiki kumkono, mphira kumanga, iye mkono m'mwamba ngati akufuna kuyankha funso m'kalasi. M'chikhakha mukayabwa ankaba singano yanga yolukira n'kumakandira, ine n'kumakalipa. A Chidendene, mkulu wosoka nsapato amene timagawana naye khonde, anajambula nsapato pachikhakhapo ndi cholembera, amvekere, "Mkono uwu tsopano uli ndi phazi, uziyenda wokha." Mayi wa diresi uja anabwera kudzazonda atanyamula malalanje, ndipo potsanzikana anafunsa za diresi lake. Ndinati mawa. Kabatani anaseka mpaka kutsamwa, koyamba chigwereni pa katungwe.

Kusukulu sankapita. Ankakhala nane m'shopu tsiku lonse, kusankha mabatani ndi dzanja limodzi n'kumandichenjeza kasitomala wovuta akamatulukira pakona. Masiku amenewo anali okoma. Ndinkayang'ana chikhakha chikuda n'kumalakalaka chisachoke.

Koma chinachoka. Anachidula ndi makina olira ngati a kalipentala, mkono n'kutuluka wowonda, wotuwa, khungu likusendeka. Timawaya tija anatizula ndi kachitsulo kopanira, iye atabisa nkhope pamimba panga. Pachigongono panatsala chipsera, msoko wa adokotala, ndipo ndinauyang'anitsitsa monga telala. Sunali woipa ayi. Koma mkono unakhala wopindika mmene unalili m'chikhakha, ndiye anatitumiza kuchipinda cha mafizo.

Kumeneko kunali mayi wina wamfupi, wa mawu aakulu, amene ana onse ankamutchula Mayi Tambasula, chifukwa ndi mawu amene ankatuluka pakamwa pake kuyambira m'mawa. Anali ndi karula kopindika pakati koyezera mmene chigongono chatsegukira. Anandiuza kuti nsalu yokolekera ija ichoke, mwana abwerere kusukulu, ndipo mkonowo uzigwira ntchito. Azinyamula kapu, azipesa tsitsi, aziyendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba. "Musamukoke ndi mphamvu, mayi. Autambasule yekha. Zipweteka, koma ana sachedwa."

Ana ena sanachedwedi. Kamwana kena kamene tinayamba nako limodzi kanasiya kubwera, kachira. Kena kanayamba kuponya mpira. Kabatani yekha, karula kakaikidwa, kankaima pomwe kanaima ulendo watha. Akamuuza kuti tambasula, ankaluma mlomo, nkhope ili ndwii, mkono uli pachifuwa. Kunyumba ndinayesa nzeru zonse. Ndinkamupatsa makatani kuti tipinde awiri, iye n'kugwira ndi dzanja lamanzere ndi mano. Ndinkabisa tepi dala n'kunena kuti tandiyezera nsalu iyi, iye n'kuyeza ndi mkono wamanzere. Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinalonjeza nsapato zowala, koma kunali kungodzitopetsa. Foni ikalira n'kumva mawu a mayi ake akufunsa kuti mkono uli bwanji, ankatuluka kukakhala kwa a Chidendene.

Tsiku lina Mayi Tambasula anamutuma mwana kukamwa madzi, n'kutseka chitseko. "Mayi, fupa linalumikizana bwinobwino, chithunzi ndachionanso. Palibe chimene chikutsekereza. Koma chigongono chikakhalitsa chopindika chimauma, ndipo imafika nthawi yoti ngakhale ife sitingachitenso kanthu. Mkono uwu m'malo motseguka ukubwerera m'mbuyo. Kunyumba kukuchitika chiyani?" Ndinapsa mtima, ndinati mukuganiza kuti ndimangokhala ine? Koma funso lakelo ndinabwerera nalo kunyumba.

Yankho ndinalipeza Loweruka lina masana. Chichokereni chikhakha, Kabatani ankakana kuti ndimusambitse, ati wakula, ndipo juzi sankavula ngakhale kutenthe bwanji. Tsikulo anaiwala thaulo, ine n'kumupititsira kubafa osagogoda. Ndinamupeza akulimbana ndi mfundo ndi mano. Anali atakulunga chigongono chopindikacho ndi kansalu katali, kuzunguliza kambirimbiri kuti chisatseguke ngakhale ali m'tulo, kolimba moti pakhungu panalowa mizere. Kansaluko kanali kolumikizalumikiza kuchokera ku zidutswa za pansi pa tebulo langa. Msoko wake unali wokhotakhota, wa dzanja lamanzere, koma mfundo yomalizira inali yanga yeniyeni, ija ndinamuphunzitsa. Ankakachotsa posamba ndi popita kwa Mayi Tambasula basi.

"Ichi n'chiyani?"

Anatembenukira kukhoma.

"Iwe Kabatani, ndikufunsa. Ukufuna kulumala? Wakutuma ndani?"

"Palibe."

"Nanga?"

Anayang'ana pansi, madzi akudontha pampopi. "Anti anati mkono ukawongoka adzanditenga. Ndinamva, sindinagone." Anagwira chigongono chija. "Ine sindikufuna uwongoke, amama. Ndizilemba ndi kumanzere, ndayamba kale kuzolowera. Ndi ulusi womwe ndikumalowetsa."

Mayo ine! Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti yonyowa, ndi diresi langa labwino. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri anali ataganiza zonse payekha, n'kusankha kupereka mkono kuti atsale ndi ine. Ndipo tamverani, poti ndanena kuti sindinama. Maganizo oyamba amene anandibwerera anali akuti, bwanji osangomusiya? Mkono wopindika umagwira nsalu pamakina bwinobwino. Mng'ono wanga anati ukawongoka, ndiye ukapanda kuwongoka mwina azingodikira, mwina mwamuna wakeyo asintha maganizo. Ndinamusambitsa, ndinamupukuta, kansalu kaja n'kukaika patebulo lodulira, osakataya.

Kanakhala pamenepo masana onse. Ndinkaponda makina n'kumakayang'ana. Kabatani anali pakhomo, akuyesa kumanga zingwe za diresi kumbuyo ndi dzanja limodzi. Akagwira ichi, icho chinkapulumuka. Anayesa, anayesa, osapempha munthu, mpaka anangozisiya zikulendewera. M'maganizo ndinamuona ali mtsikana wamkulu akulephera kudzimanga diresi, ali mayi akuvutika kunyamula mwana wake, anthu akamufunsa iye n'kumati, ndinkafuna kukhala ndi amama. Ndinatenga sizasi n'kukadula kansalu kaja tizidutswatizidutswa.

"Bwera kuno. Mkono umenewu uwongoke. Sukupita kulikonse."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Anti anena?"

"Ndanena ndine."

"Amama, inu mumauza anthu kuti mawa."

"Amenewo ndi makasitomala. Iwe ndiwe kasitomala?"

Anapukusa mutu.

"M'nyumba muno timanamizana?"

"Ayi."

"Ndiye basi. Tambasula."

Anatambasula, pang'ono chabe, misozi ili chuchuchu. Pamene ndinkanena mawu amenewo ndinkakhulupirira kuti mng'ono wanga ndimugonjetsa, poti ndakhala ndikumugonjetsa kuyambira tili ana. Koma ngakhale ndikanadziwa kuti ndilephera, ndikanalankhulabe chimodzimodzi. Wofuna kundiweruza ayambe waona mwana womanga chigongono chake ndi zigamba.

A Chidendene anamva zonse, poti chotilekanitsa ndi thabwa chabe. Tikutseka anandiyandikira akupukuta guluu m'manja. "Mayi telala, mwalonjeza chinthu choti si chanu." Ndinati inu, nsapato za anthu zaunjikana apo chaka chonse, ndiye muzindiphunzitsa ine za malonjezo? Anaseka pang'ono. "Eni nsapato amakalipa, mawa aiwala. Uyu sadzaiwala, mayi." Ndinakoka chitseko mwamphamvu mpaka loko anagwa pansi.

Kuyambira tsikulo mwana uja analimbikira zoopsa. M'mawa asanapite kusukulu ankaima pakhoma la khonde n'kumayendetsa zala kukwera, a Chidendene n'kulemba ndi choko changa pamene wafika. "Dzulo unali apa, lero wafika apa. Ukapitiriza chonchi udzatiboolera denga." Ankanyamula chitini cha mabatani mkono uli pansi n'kumazungulira shopu, akulira, akupukuta mamina ndi phewa, osachisiya. Ndikamuuza kuti pumula, ankati ayi, ndizungulirenso kamodzi. Ululu ukakula ankadzitonthoza ndi mapulani. "Amama, ndikakula tidzagula makina achiwiri, amagetsi. Inu muzidzadula, ine ndizidzasoka. A Chidendene tidzawasamutsa, pamalo pawopo tidzaikapo galasi lalikulu." A Chidendene ankakuwa ali kwawoko kuti akumva zonse. Ine ndinkangoti eya, eya, mutu uli pamakina.

Mantha atamuchoka anayamba kulandira foni ya mayi ake mosangalala. "Anti, lero ndadutsa mzere wa dzulo!" Tsiku limene anayeza nsalu ndi mkono wamanja, kuchokera pamphuno mpaka kuzala, anakuwa mpaka wogulitsa mankhwala wa kutsidya kwa msewu anatuluka kudzaona. Ndinaomba m'manja ndithu. Koma mizere ya choko ikamakwera pakhoma, ine chakudya chinkandikanika.

Ndinamuimbira mng'ono wanga Kabatani ali kusukulu. Ndinayamba ndi ukali, monga mwa chizolowezi changa. Ndinamukumbutsa matewera, chifuwa cha chaka ndi chaka, misonkhano ya makolo imene ndinkakhalako ndekha. Ukali utakanika ndinapempha, ine amene sindinamupemphepo kanthu chibadwire. Ndinati musiye amalize pulayimale, uzimutenga patchuthi. Pomaliza ndinamuuza za kansalu kaja, poganiza kuti akamva zimenezo agonja. Kumbali inayo ndinamva akulira.

"Achemwali, mukumva zimene mukundiuzazi? Mwana wanga analolera kulumala kuti asakhale ndi ine. Ndiye ndimusiye akule choncho, akundiopa ngati chilombo? Ndinamusiya chifukwa ndinalibe pogona, inu mukudziwa. Ndinkagona m'saluni, pansi, pakati pa mipando. Zaka zonsezi ndakhala ndikumva mwana wanga akunditchula anti, ine n'kumaseka ngati sizikupweteka. Akangokula pang'ono ndiye kuti basi, ndamutaya. Inu mwakhala naye. Ndipatseniko nanenso."

Ndinkafuna akhale munthu woipa kuti ndimutukwane bwino, koma anali mng'ono wanga yemwe uja ndinkamuluka tsitsi, ndipo mwana ndi wake. Tinagwirizana kuti abwere sukulu ikatsekera.

Mayi Tambasula anaika karula kake komaliza, n'kukakweza kuti tonse tione kuti kawongoka. "Mwana uyu asabwerenso kuno, ndatopa naye," anatero akumukumbatira. Panjira Kabatani ankaloza chilichonse ndi mkono wamanja, galimoto, mbalame, zikwangwani, kungofuna kuuonetsa. Ine ndinkafunafuna poyambira kumuuza. Ndinkati ndimuuza tikafika, tikafika ndinkati adye kaye, akadya ndinkati mawa. Ee, mawa lomwe lija.

M'malo moyankhula ndinasoka. Ndinabwezeretsa misoko ya mikono ya madiresi onse aja. Ndinadula ena atsopano, nsalu yogula, osati zotsala za makasitomala. Kabatani anaima pampando ndikumuyeza, akusangalala, mikono yonse iwiri itatambasuka. Ndinagwada, mapini ali kukamwa, n'kuyamba kupinda m'munsi. Ndinapinda kwambiri, n'kupindanso kachiwiri, kuti akamatalika azingomasula. M'mbali namo ndinasiya nsalu yambiri mkati. Iye anayang'ana pansi, kuseka n'kutha.

"Amama, bwanji mukupinda kwambiri chonchi?"

Mapini anandithandiza kusayankha.

"Madiresi anga simupinda chonchi. Mumati ndikatalika musoka lina." Anatsitsa mikono pang'onopang'ono. "Chonchi mumapindira ana a anthu okhala kutali."

Ndinachotsa mapini kukamwa limodzilimodzi. Ndinamuuza zonse: kuti mayi ake akubwera sukulu ikatsekera, kuti ndinayesetsa, kuti chipinda chake chili ndi zenera lalikulu, kuti patchuthi azibwera, kuti mkono ndi wake wa moyo wonse pamene ine ndikukalamba. Ndinalankhula zambiri, ngati ndikugulitsa nsalu yosuluka. Sanalire. Bola akanalira, akanandimenya ndi mkono womwewo. Anatsika pampando, anavula diresi mosamala kuti mapini asamubaye, analipinda bwinobwino n'kuliika patebulo.

"Ndiye kuti ndinali kasitomala," anatero.

Masiku otsalawo anali mwana waulemu kwambiri. Ndikamupatsa chakudya ankati zikomo. Akafuna kulowa kuchipinda kwanga ankagogoda. Mawu akuti amama sindinawamvenso, ndipo dzina lina sanandipatse, ankangodikira kuti ndimuyang'ane kenako n'kuyamba kuyankhula. Mkono sanaumangenso, ndinkaonetsetsa. Unali utawongoka kale, ndipo iye ankadziwa kuti kumanga sikungathandizenso. A Chidendene anayesa nthabwala zawo zonse, sizinamugwire. Tsiku lina a Chidendenewo anandifunsa ngati afufute choko pakhoma paja, ndinawauza kuti asamale za nsapato zawo.

Mng'ono wanga anafika ndi sutikesi yatsopano ya matayala. Ndinalongedza ndekha: madiresi, yunifolomu yosokedwa ija, chidole, ndi chitini cha mabatani pansi penipeni. Ndinamuuza kuti mwanayu mazira owiritsa sadya, kuti akakhala chete kwambiri ndiye kuti mutu ukumupweteka, kuti kukazizira chigongono chizimuwawa, azimupaka mafuta. Anamvetsera zonse akugwedeza mutu, maso ali ofiira. Anandigwira dzanja, "Achemwali," n'kulephera kupitiriza.

Kudepoti ndinamukonza Kabatani kolala, ngakhale inali bwinobwino. Ndinati uzikamvera amayi ako. Anati chabwino. Ndinati ndidzabwera kudzakuona. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo sanafunse kuti liti.

Anakhala kuzenera. Basi italiza injini ndinaona mng'ono wanga akumuweramira, akumuuza kuti abayibitse. Kabatani sanasunthe. Ndiye mayi akewo anamugwira dzanja lamanja n'kulikweza pazenera, n'kumaligwedeza. Mkono unakwera wonse, wowongoka kuchokera paphewa mpaka kuzala, wopanda pokhota, chipsera chija chikuoneka bwinobwino padzuwa. Nkhope yake inali itayang'ana mbali ina.

Ndinaima pamenepo ndikubayibitsa mkono umenewo mpaka basi inakhota, poti mwini wake sanacheuke.